Zaka Zisanu ndi Zinayi Akusankha Wailesi

Mukafika pa komboni yathu, kuseri kwa Mhangura, n'kutchula dzina la malemu a Bauleni, aliyense ayamba waseka kaye. Kenako akuuzani kuti ndi mdala uja anatha zaka zisanu ndi zinayi akusankha wailesi. Akazi awo, mai Rosemary, anawasankha Lamulungu limodzi lokha atawaona akutuluka m'tchalitchi. Koma wailesi inawatengera mpaka imvi.

Sankafuna wailesi wamba. Ankafuna kaja ka masipika awiri, kolowetsa kadi ya nyimbo, koyendera batire ya sola poti magetsi pa komboni anadulidwa kalekale. Mtengo wake usapitirire zomwe munthu angapeze pa maricho, ganyu yathu ya m'minda ya eni mapuloti. Ndipo chachikulu, kanyamulike ndi dzanja limodzi.

Pa mfundo yomalizayi kuseka kunkatithera. A Bauleni anabadwira pafamu pomwepa, bambo awo atabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Chitupa analibe. Ku Malawi sanapondeko, koma kuno ankawauza kuti kwawo ndi ku Malawi. Chaka chilichonse fodya akatha, mwini puloti ankatiuza kuti tiziona kolowera. Mvula ikayamba ankabweranso kudzafuna manja obzala. Ndiye mdalayo ankati tsiku lomwe adzatithamangitsedi, dzanja limodzi lidzagwira mkazi, linalo wailesi.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse ankadziphatika pa thirakitala yopita ku Mhangura, ulendo wa kusitolo ya bambo wina dzina lake Passmore. M'thumba la jekete munkakhala chingwe choyezera shelefu ya kunyumba, ndi maso a chimanga odzaza dzanja. Akayeza wailesi ndi chingwecho, ankagoneka sipika chagada, kuthirapo chimanga, n'kuuza Passmore kuti akweze nyimbo. Chimanga chikadumpha kwambiri ankati imeneyo ndi yakudya batire. Chikangokhala phee ankati ilibe mtima.

Tsiku lina Passmore anawafunsa atatopa, akuwatchula sekuru, ndiye kuti agogo: "Nanga mukufuna chimangachi chitani, sekuru?"

"Chivine mwaulemu," anayankha.

Passmore anayesa kutsitsa mtengo kuti mwina apume. A Bauleni anamuyang'ana mokayika n'kunena kuti chinthu chotsika msanga chotero chili ndi matenda. Ulendo wina anafika povomera ndithu, katoni n'kumatidwa. Anainyamula, kuyenda nayo mpaka pamtengo wa mango, kubwerera, katatu konse, uku anthu a pabala akuwombera m'manja. Kachitatuko anaibweza pakauntala, ati dzanja lachita dzanzi asanafike n'komwe pamsewu waukulu.

Mwana wawo Masozi, yemwe amagwira ntchito ku Joni, atamva kuti bambo ake asanduka nthabwala, anatumiza chimwailesi chachikulu ngati kabati, cha nyali zofiira ndi zobiriwira. Tinachitsitsa m'galimoto amuna anayi. A Bauleni anachizungulira kawiri, n'kuzindikira kuti chimafuna magetsi. Sichinalirepo ngakhale kamodzi. Chinasanduka tebulo la tiyi, ndipo nkhuku ya mai Rosemary inaswera anapiye asanu kuseri kwake. Masozi akafunsa pafoni, bambo ake ankamuuza kuti ndi wailesi yabwino, yofatsa, sisokoneza aneba.

Mai Rosemary okha ndiwo sankaseka. Ankawauza amuna awo kuti adzafa asanamve nyimbo m'nyumba mwawo, a Bauleni n'kumayankha kuti wolemera akagula molakwa amagulanso, koma wa maricho akalakwa amakhala nacho cholakwacho mpaka kumanda.

Chaka chatha chifuwa chinawagwira a Bauleni. Anayamba kulephera kukwera thirakitala, kenako kulephera kufika ngakhale pakhonde. Miyezi iwiri itadutsa osawaona, Passmore anabwera yekha panjinga yamoto masana ena, atamanga timawailesi titatu kumbuyo. Anatindandalika pamphasa n'kuwauza kuti asankhe kamodzi, za ndalama asatchule.

Tinadzaza pakhomo komboni yonse. A Bauleni anamvera koyamba atatsinzina, kachiwiri chimodzimodzi. Pa kachitatu tinaona chala chawo chikugogoda bulangete. Mai Rosemary anagwira pakamwa. Nyimbo itatha, mdalayo anatsegula maso n'kumuyang'ana Passmore nthawi yaitali.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero. "Ubwere nato mwezi wamawa. Ndikadaganiza."

Anamwalira Lachinayi la sabata yomweyo.

Masiku ano mwezi ukatha, thirakitala imadutsa popanda woiimitsa. Sitinkadziwa kuti nkhani zonse za kutauni, za amene wamangidwa, amene wakwatira, kumene akulemba ntchito, zinkabwera ndi mdala wobwerera chimanjamanja uja. Tsopano timangomva za pano pokha, ndipo za pano timazidziwa kale.

Maliro atatha, mai Rosemary anapita kumsika n'kugula wailesi yoyamba imene anaiona. Sanayeze, sanafunse, sipanathe ngakhale mphindi zisanu. Imalira mosasa mawu ngati mbuzi yomangidwa, ndipo nthawi zina imangozima yokha nyimbo ili pakati. Amaitsegula masana ali pakhonde akusankha nyemba. Ikazima saigwira msanga. Amakhala kaye mutu utapendekera kukhomo, kudikira kuti wina m'nyumbamo anene kuti paja ndinanena.