Tambala wa Ababa Analira Wopanda Mitima

Ndagi! Mwati gize? Imvani tsono: tambala wa ababa analira m'mawa, mitima yake inayi ili padenga la nkhokwe. Musavutike kundibaira ng'ombe, ndimasulira ndekha, chifukwa ndagi iyi sindinaitenge kwa anganga ngati zinzake zija ndimakuzunguzani nazo, iyi ndinaiumba ndi manja angawa, ndipo inadyetsa alendo mgaiwa pa ukwati.

Chinali chaka chatha, mwezi wa Novembala, kwathu kuja kuseri kwa Njuli, dzuwa likuswa mtengo. Achemwali anga a Eneresi ankakwatiwa Loweruka, ndiye sabata yonse pakhomo panali pa ufa. Amayi ndi anzawo a m'mudzi anakonola, anaviika mphale, anatsuka, Lachitatu n'kusenza madengu ulendo wa kuchigayo. Inu mukudziwa kuti ufa wa mphale yoviika umabwerako uli ndi chinyontho, wofunika kuuyanika mawa lake lomwe, ukachedwa umanunkha chuku ndipo akuchimuna akaulawa amakakamba kwawo mpaka ana anu adzakule.

Ababa amagwira ntchito ya fodya ku Limbe, amabwera Lachisanu. Wailesi yawo imatsala pakabati itafundira kansalu koluka, ndipo lamulo lake ndi limodzi: nkhani, mauthenga a maliro, zanyengo, n'kutseka. Woitsegula ndine, poti ndine wa sukulu. Tsono ine zanyengo ndinkazikonda kuposa nyama. Bambo wa m'wailesi uja amayamba ndi ife a kumtunda, kenaka amachenjeza oyendetsa ndege za mitambo, n'kutsirizira a ngalawa ndi mabwato za mphepo ndi mafunde. Ine nyanja sindinaionepo, ndege ndimangoiona ngati kanjere ka mpunga ikamatsikira ku Chileka, koma akamatchula zimenezo ndinkayiwala kuti ndakhala pampanda wa mbuzi, ndinkadziona ndili pawindo la ndege ndavala magalasi akuda. Mawu ake onse ndinawaloweza, ndi pamene amapumira pomwe.

Lachitatu lija anthu onse atapita kuchigayo, ndinatsala ndi mng'ono wanga Dolika, wa zaka zisanu, amene sayankhulayankhula koma maso ali ngati a kadzidzi. Ndinati ndimvereko kanyimbo kamodzi kokha, kamodzi basi, ndani adziwe? Kanyimbo kaja kanaitana kanzake, kenaka anayamba kuwerenga moni, ine ndikuti dikira mwina wina wanditumizira, ngakhale padziko lonse panalibe munthu wodziwa keyala yanga. Pomwe dzuwa limapendeka, wailesi inali ikulira ngati mbuzi yodwala, kenaka zii.

Ndani sadziwa mankhwala a mabatire akufa? Umawaluma pang'ono n'kuwayanika padzuwa. Ndinawaluma onse anayi mpaka mano anachita dzanzi, ndipo Lachinayi mbandakucha ndinakwera pamtondo n'kuwandanda padenga la nkhokwe, poti pamenepo amayi safikapo maso. Nzeru zinali zoti pofika nthawi ya zanyengo akhale atamwa mphamvu. Chimene sindinaganize n'chakuti zanyengo zimabwera dzuwa lisanatenthe ndi buluzi yemwe.

Ndikutsika pamtondo, bwalo ladzaza kale amayi, mphasa zili m'khwapa. Amayi anga anandikodola.

"Fanesi, kamvere wailesi. Tiyanike kapena tidikire?"

Apa m'pamene mwana woleredwa bwino akanagwada n'kuulula. Ine ndinaganiza za nkhope ya ababa akamva kuti mabatire a mwezi wonse athera pa moni wa anthu osawadziwa, ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinatenga chitini cha mkaka chopanda kanthu n'kuikamo pakamwa. Ndinayamba ndi kuphwephwetera kuja wailesi imachita, kenaka ndinatsitsa mawu mpaka m'mimba:

"Nazi zanyengo. Kumapiri a m'chigawo cha kummwera kukhala dzuwa tsiku lonse. Oyendetsa ndege, mukamva kugunda kumwambako, n'kwanu komweko, sikufika pansi. A panyanja, madzi agona ngati mafuta m'mbale."

Za kugundazo ndinaonjezera chifukwa pawindo ndinali nditaona kamtambo kena kosaoneka bwino. Mwaona nzeru? Ndinatuluka ndikuyenda ngati munthu wochokera ku ofesi, ngati sindikudziwa n'komwe kuti onse anali atamva kale, makutu ali pakhoma.

Anganga okha ndiwo anadodoma. Anafwenthera fodya wawo n'kunena kuti bondo lawo lawaluma chilumire, kuti phiri la Chiradzulu lavala chipewa, kuti nyerere zikusamutsa mazira kuseri kwa khitchini. Amayi anawafunsa kuti bondo lawolo linaphunzira sukulu iti. Mayi wina anangoti chapansipansi, kodi agogo mukutsutsa wailesi ya boma? Anganga anacheuka uku, anacheuka uko, n'kuvomera kuti mwina bondolo langokalamba, ndipo nyerere nazonso masiku ano n'zosokonekera.

Basi anayala. Pathanthwe la kuseri kwa nyumba panayera mbee, mphasa kugundana ndi mphasa, ufa wonse wa ukwati osasiyako ndi wa m'kambale komwe, poti wailesi yanena. Mbiri nayo inathamanga. A Mulipa, oyandikana nafe nyumba, amene anakhala milungu iwiri akuopa kusasula denga lawo kuti afolere udzu watsopano, anabwera atavula chipewa kudzandifunsa ngati dzuwalo lifike mawa. Munthu wa imvi kundivulira chipewa ine! Ndinamva kukoma mpaka kumsana, ndipo ndinawauza kuti mpaka Lamlungu, ndi mtima wonse ngati dzuwa ndimalisunga m'thumba. Sipanathe nthawi, udzu wakale unali pansi, nyumba yawo itangotsala nthiti.

Amayi onse ananyamuka kukatola nkhuni zophikira thobwa, ine anandisiya kuti ndiziingitsa nkhuku. Ntchito yake inali imeneyo basi: nkhuku, ndi kuyang'ana kumwamba. Kumwambako ndinayang'anadi, musandinamizire. Ndinagona chagada pansi pa mtengo wa mango n'kumaona mitambo ikutuluka kuseri kwa phiri, uwu ngalawa ya nsanjika zitatu, uwu mkwati wavala velo, uwo wakudawo njovu ikubwera ku ukwati. Kunagunda kamodzi, anganga anasuzumira pakhomo, ine n'kuwakumbutsa kuti zimenezo n'za oyendetsa ndege. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti apa ndinali nditayamba kukhulupirira ndekha, pajatu ndinazimva ndi makutu anga m'chitini. Ndege ina yopita ku Chileka inakhota n'kubwerera kumene imachokera, ine n'kuiimikira dzanja, ndimati woyendetsa wandiona.

Mphepo sinagogode. Inangofika, fumbi kutsogolo, masamba pambuyo, mphasa yoyamba n'kunyamuka yokha ngati yaitanidwa. Ndinathamanga, ndinagwira ina m'makona awiri kuti ndiikokere kukhonde, mphepo inalowa kunsi n'kundikhuthulira ufa wonse kumutu. Ndisanatsegule maso, chiphaliwali ng'ani, bingu phwaa, mvula ya matalala pamsana. Anzanga, munaonapo phala likuyenda ndi miyendo? Ufa unandimata m'tsitsi, m'makutu, m'zikope, ndikagwira mphasa iyi iyo yapita, nkhuku zimene ndinkaingitsa zija zili pakhonde zouma bwinobwino zikundiyang'ana. Pathanthwe pankatsika mtsinje woyera ngati mkaka, kulowera kudimba la a Mulipa, eni ake ali m'nyumba yopanda denga atavala beseni kumutu.

Tinapulumutsa madengu awiri okha, ndi anganga amene anaiwala za bondo. Zotsatira zake mukuzidziwa ena a inu munadya nawo: panalibenso masiku oviika mphale ina, ababa anangogayitsa chimanga chosakonola, ndipo mpaka lero kwathu akamawerenga zaka amati mwana uyu anabadwa usanachitike ukwati wa mgaiwa. Achemwali a Eneresi anakwatiwa ndithu, koma akabwera kudzacheza amandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Anyamata a pa Njuli akandiona amaloza kumwamba n'kufunsa ngati achape. Ndinalumbira ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: ine za mitambo ndinasiya, munthu akandifunsa ngati kugwe mvula, ngakhale ikundinyowetsa kale, ndimati kafunseni bondo la anganga.

Koma chimene chimandidzutsa tsitsi mpaka lero si ufawo ayi, ndi zimene zinachitika pakhonde mvula ikukata. Tonse tinaunjikana pamenepo, amayi atabwerako opanda nkhuni, achemwali akusisima, ine ndikukanda phala m'khutu, ndipo panalibe amene ankandikalipira, onse ankatukwana wailesi. Kenaka anatulukira Che Saidi, ogulitsa matemba a ku Chilwa, akukankha njinga, kawailesi kawo atakakulunga m'pepala la pulasitiki pachiwongolero. Ataona mtsinje woyera uja anagwira pakamwa. Anafunsa kuti tinayanikiranji ufa pamene wailesi yakhala ikuchenjeza chim'mawa kuti kumapiri kuno kugwa mvula ya mabingu masana, oyendetsa ndege asamale, a mabwato asalowe m'madzi, n'chifukwa chake iwo abwerera panjira ya kunyanja dengu lili lopanda kanthu.

Amayi anati yathu inanena dzuwa, ndipo amayi khumi anaimva ndi makutu awo. Che Saidi anati boma silingayankhule malilime awiri, atatero anacheuka uku ndi uko. A Mulipa, beseni likadali m'manja, anati mwina mawailesi aakulu amauzidwa zina, aang'ono zina. Anganga anati yathuyi, poti ndi ya ku Limbe, yaphunzira bodza kwa anthu a m'tauni. Amayi anagamula kuti ababa akangofika, chinthucho chibwerere kusitolo kumene chinachokera. Ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu kuposa onse, ndinaonjezeranso kuti masiku ano mawu ake amamveka ngati a m'chitini. Mtima unayamba kukhala pansi, ndinati Fanesi wapulumuka.

Pamenepo Dolika anatulukira kuchokera kunkhokwe, kadiresi atakapinda kutsogolo ngati watola mango. Anafika pakati pa anthu n'kukhuthulira pamphasa mabatire anayi onyowa amene mphepo inagwetsa, lililonse lili ndi zipsera za mano, mano ake a mpata pakati ngati anga. Anayang'ana amayi, anayang'ana ine.

"Amayi, kodi wailesi imayankhula bwanji mabatire ake atagwa padenga la nkhokwe?"