Tsiku Limene Ndinakatula Mimba ya Duchess

Nkhani iyi kutchalitchi amaidziwa theka, koma theka lomwelo limandiyendetsa chowerama. Lero imvani yonse, museke kamodzi n'kundisiya.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya care ku Lewisham, kudziko la azungu. Masana kusamalira okalamba m'nyumba zawo, madzulo kuthamangira kusukulu ya akuluakulu, kukalimbana ndi ABC imvi zili mbuu. Mwa okalamba angawo munali Agogo Doris, mzungu wopanda mwana, wopanda m'bale wowazonda. Chawo chinali chimodzi: kanyama kotchedwa chinchilla. Tangoganizani khoswe wovala jekete laubweya, makutu ngati masupuni. Kanali kakakazi, dzina lake Duchess.

Tsiku limene ambulansi inawatenga, anandigwira dzanja. "Grace, keep her like your own daughter." Ndinavomera. Chakudya chake chinali udzu wouma ngati wofolera denga. Mwana wanga adye zimenezo? Ndinayamba kumugawira mtedza wokazinga ndi nyenyeswa za mandasi.

Kenako ma shift anandipana. Weekend ina ndinakamusiya ku Thamesmead kwa Mai Tembo, mnzanga wa m'kwaya wochokera ku Chipata. Ana awo ankaweta mbira yotchedwa Captain.

Sipanapite nthawi, Duchess anasintha. Kudumpha analeka. Ankangobindikira pakona, ukamukhudza akuluma, ndipo mimba inayamba kutukumuka. Ine ndawetapo mbuzi, ndaberekapo ana. Zizindikiro zotere sindifunsa munthu. Mtsikana wa eni wawonongekera m'manja mwanga! Mtedza ndinawonjezera, poti wapakati amadyera awiri.

Ndinapita kuchipatala kukapepesa. Agogo Doris anali atatheratu, mpweya akupumira m'mapaipi. Ndinawerama n'kunong'ona: "Duchess is expecting."

Ndinkadikira kukalipiridwa. M'malo mwake maso awo anawala. "Babies! Then I shall wait for them." Nesi anandiuza kuti tsiku limenelo anadya phala lonse, atakana chakudya kwa masiku.

Komabe mlandu unalipo. Kwathu mwana wamkazi akapatsidwa mimba sitilemba kalata. Timamanga chitenje n'kukamutula pakhomo pa mnyamatayo. Anzanga amayamba asonkhanitsa azakhali. Ine wopanda chipiriro ndinangonyamula khola n'kukwera basi ndekha.

"Odi kuno! Tabwera ndi katundu wanu!"

Mai Tembo anatsegula, thawulo lili kumutu. "Ah, ba Grace, katundu bwanji futi?"

"Mwana ndinamusiya muno ali bwinobwino. Taonani mimbayi! Captain wanu atuluke, adzayankhe."

"Imwe, muli serious? Mwabwela kutula mimba ya koswe?"

"Si khoswe, ndi mwana wa eni! Mayi ake ali pa oxygen!"

Apa n'kuti anthu a m'mafulati atatulutsa mitu m'mawindo. Mai Tembo analowa, nabwera ndi Captain ali m'manja, namugadamitsa pamaso panga.

"Onani mushe. Uyu ni mukazi! Bana banamupasa chabe zina ya Captain. Anabalapo na kubala!"

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ndinakweza mawu: "Ndiye kuti m'nyumba muno muli makoswe!"

Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu moti Duchess analira. Kuyambira pamenepo, m'kwaya Mai Tembo ankaimba atandifulatira.

Pobwerera m'basi kanyamako kanagona cham'mbali, kakupuma mobanika. Ndinati nthawi yobereka yakwana, n'kuthamangira kwa dokotala wa ziweto. Anali mtsikana wa magalasi. Anasisita mimba ija, nandifunsa zimene Duchess ankadya. Ndinatchula monyadira: mtedza, mandasi, nthochi, nthawi zina tiyi wamkaka pasosala.

Anavula magalasi.

Mwana munalibe, ngakhale mmodzi. Munali mpweya ndi mafuta, matumbo atatupa. Kuluma konse kuja unali ululu. Dokotalayo anati ndikanachedwa pang'ono ndikananyamula maliro, ndipo ngakhale Captain akanakhala mwamuna weniweni, mbira ndi chinchilla n'chimodzimodzi mbuzi ndi nkhumba. Duchess anagonekedwa, akumwetsedwa ndi sirinji. Anachira, koma dzanja langa sanalikhulupirirenso.

Kunatsala kukauza mayi ake, Agogo Doris. Ndinalowa mu wodi mawu nditakonza, koma iwo anandiyamba: "How many?"

"Not yet," ndinayankha.

Ulendo wotsatira, not yet. Wina uja, not yet. Madokotala anali atanena kuti Khirisimasi sadzaiona, koma mayi uja anaiona, akusankha mayina a zidzukulu. Ine ndinkatuluka mu wodi ndikupemphera kuti asafunse kuti kanyama kameneka kamatenga miyezi ingati. Agogo Doris anamwalira kuzizira kukutha, akudikirabe.

Pamaliro tinalipo ochepa: wansembe, ine ndi manesi awiri a mu wodi ija. Kunalibe nyimbo, kunalibe wolira mokweza, mvula yokha. Bokosi litatsika, nesi wamkuluyo anandiyandikira, napukuta misozi, nandigwira paphewa.

"You must be Grace. Doris promised us one baby each. When can we collect?"

Abale anga, mimba yosapima musamathamange nayo; ngakhale khoswe ali ndi sikelo yake.