Ndani Anaulula Sitepe ya Chipewa

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musanagwire mabadza anu oimbirawo khalani pansi mumve, chifukwa ena a inu munalimo m'malotomo ndipo nkhope zanu sizinandisangalatse.

Ndinalota Loweruka lafika kale, tsiku la mpikisano wa mganda, ife a boma la kwa Gwedeza, gulu lathu lovinali, tili pamzere kupita kubwalo, ine kaputeni wanu patsogolo, malaya oyera mbee, sokosi zofika m'mawondo. Mumtima munali chinthu chimodzi chokha, sitepe yathu yatsopano ya Ndaiwala Chipewa imene takhala tikuibisa muno m'chigafa cha fodya, ija yoti munthu ukuguba bwinobwino kenaka nkuima njii, dzanja pamutu, ng'oma zii, nkubwerera chambuyo. Paja a kwa Sungeni ndiwo amayamba kulowa m'bwalo. Chaka chatha anativinira sitepe yathu ife tikuonerera, ndipo titalowa ife anthu anatikuwiza kuti ndife okopera. Manyazi amenewo sanandichoke mpaka lero.

Ndiye tikuyenda choncho, badza langa linatsokomola m'manja mwanga. Chipanda chomwechi, chimene ndinaboola ndekha nkumatapo kachikopa ka kangaude kuti chizilira bwino, chinandinong'oneza kuti, "A Kaputeni, m'gulu muno wina ndi wotayirira pakamwa."

Ndinati, "Ndani?"

Linati, "Ine ndimangobwereza zimene mwandiuzira. Kafunseni ng'oma."

Ndiye ndinacheuka, nkuona ng'oma yathu yaikulu yakwera njinga ya kabaza, yakhala chammbali ngati mayi wopita kusikelo, ndipo wopalasa unali iwe Lufeyo. Unkapalasa maso ali kutchire, osafuna kukumana ndi anga, ndipo zimenezo ndinazisunga. Ng'oma ija inati, "Ine mimbayi ndi yaikulu koma mulibe kanthu. Funsani sokosi zanuzo, ndi zimene zimakhala pafupi ndi sitepe." Ndinawerama. Sokosi yakumanzere inati, "Mnzangayu sindimudziwa bwino. Tikachapidwa amakayanikidwa chingwe china." Yakumanja inangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka m'kakolo, ndipo ndinadziwa kuti nayonso ili ndi mbali yake.

Mwadzidzidzi msewu unapindika ngati mphasa ndipo tinapezeka taima pamzere m'khola la winawake, inu a Filimoni mukutiyendera monga dokotala wa boma lathu, kuona zikhadabo ndi makolala. Mutafika pa ine khosi lanu linayamba kutalika, miyendo nkuonda, jekete nkumera nthenga, basi mwasanduka kakowa. Munandilowetsa mlomo m'khutu nkusolola kachidutswa ka nyimbo yathu kakuphiriphitha ngati nyongolotsi.

Munati, "Nyimboyi ikudontha, a Kaputeni."

Ndinati, "Mwayang'ana kwa Lufeyo?"

Munati, "Kwa Lufeyo nkouma."

Apo ndinaona kuti awirinu munadyera mbale imodzi. Musandiyang'ane choncho a Filimoni, ndikunena zimene ndinaona.

Ndiye kakowa uja anauluka nane, kundigwira pakolala, nkukanditaya pabwalo la mpikisano, koma bwalolo linali pamwamba pa denga la chigayo, anthu ali piringupiringu osagwa. Oweruza anali atakhala kale patebulo. Wamkulu wawo anavula tayi, anapumira m'mphuno, nyanga nkutuluka, wasanduka ng'ombe yamphongo. Ananunkhiza ng'oma yathu nati, "Chikopachi ndikuchidziwa. Awa ndi amalume anga." Ndinangoti kwatha, mlandu wayamba tisanavine. Woweruza wina anasanduka nanzikambe, diso limodzi kwa ife, lina kwa a kwa Sungeni, ndipo thupi lake linkafiira pang'onopang'ono kufanana ndi malamba awo. Wolengeza pachimkuzamawu anali khwangwala, kolala yoyera ili pakhosi, ndipo dzina la mudzi wathu ankalitchula ngati akulavula.

Mwadzidzidzi wezulo inalira yokha popanda woiimba, ndipo a kwa Sungeni analowa. Patsogolo panali alamu anga a Yotamu, mchimwene wa mayi akunyumba, kaputeni wawo. Anaguba, anaguba, fumbi kobo ngakhale panali pa malata. Kenaka anaima njii. Dzanja pamutu. Ng'oma zii. Nkubwerera chambuyo.

Anzanga, mtima unandiwawa zenizeni, ndinalira m'malotomo ngati ndaferedwa. Amayi nthungululu, ena kuthamanga ndi mipango kukawapukuta thukuta, ndipo woyamba kufika anali Nachisale, mkazi wanga yemwe, akupukuta mchimwene wake pamphumi. Mbuzi za m'mbali mwa bwalo nazo zinaima njii, mwendo pamutu. Mitengo ya bulugama inabwerera chambuyo. Ngakhale tebulo la oweruza linakweza mwendo umodzi. Dziko lonse linkaidziwa sitepe yathu, ife eni ake tili chiimire ndi malaya athu ochapa.

Ndiye ndinathamangira kwa ng'ombe ija ndikufuula kuti atibera. Inabzikula kaye nthawi yaitali, nkufunsa kuti, "Mboni muli nazo?" Ndisanayankhe, khamu linapatuka ndipo kunalowa khoma la m'nyumba mwanga, lija logawa kuchipinda ndi pabalaza, likuyenda motsimphina.

Linati, "Bwana, ine ndine wamfupi, sindifika kudenga. Zonse zimangodutsa pamwamba panga."

Pambuyo pake panabwera bulangete langa, litadzikulunga ngati munthu wodwala malungo. Linati, "Bwana, ine ndatopa. Ndimagubidwa mpaka kucha, kumanzere, kumanja, kenaka chambuyo."

Ndinati, "Mboni izi zinapanganiratu. Lufeyo anabwerapo kwathu, khomali anatsamirapo."

Ng'ombe inapukusa nyanga nkulamula kuti aliyense aikidwe badza pakamwa, atseke milomo, tione kumene nyimbo itulukire. Khwangwala anayamba ndi iwe Lufeyo, badza lili chete. Kwa a Filimoni, chete. Anayenda mzere wonse, chete yekhayekha, ine ndikudabwa kuti anthuwa luso lobisa analiphunzira kuti. Atafika pa ine ndinaluma mano, ndinamanga milomo, koma nyimbo inatulukira m'mphuno, yonse, ndi pomwe ng'oma imakhala zii, ndi pomwe mabadza amadzukira. Nanzikambe anandilozetsa maso onse awiri. Ndinafuna kunena kuti badzalo alichita chipongwe, koma linayamba kufufuma pakamwa panga, kukula ngati dzungu, kukula ngati nkhokwe, likupuma lokha, fuu, fuu, fuu, ndipo denga la chigayo linayamba kupendekeka, anthu onse akutsetserekera kwa ine, fuu, fuu.

Ndinadzidzimuka. Dzuwa lili pazenera, bulangete lili kumiyendo, ndipo fuu, fuu uja akumvekabe panja. Inali pampu ya njinga. Apo mpamene ndinakumbukira kuti a Yotamu anafika dzulo madzulo akukankha njinga yophwa tayala pochokera kumsika, ndipo Nachisale anawayalira pabalaza.

Nachisale anasuzumira pakhomo nati, "Mwadzuka, a Kaputeni? Masiku onsewa mumangoimba kutulo, koma lero ndiye mumachita kulamula ndi sitepe yomwe."

Ndinatuluka panja. Alamu anamaliza kupopa, anandipatsa moni waulemu wonse, anathokoza malo ogona, nkuyamba kukankha njinga kulowera kumsewu. Atafika pa mtengo wa mango anaima njii. Anaika dzanja pamutu, anabwerera chambuyo mpaka pamene ndinaima ine, nati, "Pepani alamu, ndimayesa ndaiwala chipewa."

Munthuyo anabwera wopanda chipewa.