Mbuzi Ndiidula ndi Mwala

Lolemba

Ndikadali wokwiya. Dzulo tinali ku myuziyamu ndi Mutinta, mtsikana wa ku Lusaka amene ndimakhala naye nyumba imodzi ku Columbia Heights, kuno kutsidya kwa nyanja. M'galasi muli miyala yosema, yosongoka ngati mapeyala. Pakhoma pali mapu: luso losema miyalali lidayambira kwathu ku Africa, n'kuyenda ndi anthu mpaka ku Asia ndi ku Ulaya, wina kuonera kwa mnzake. Akuti ngakhale ku Karonga adafukula yotere. Ine kunyada!

Mutinta: "Ni myala chabe iyi. Siingajube na tomato." Eti singadule ngakhale tomato. Mokweza, pamaso pa anthu!

Ndiye ndalengeza pa gulu lathu la pafoni: Loweruka, kuphwando la ankolo Yusufu ku Manassas, nyama ya mbuzi ndiidula ine, ndi mwala wosema ndekha. Mutinta waikapo kankhope koseka. Ndakaona.

Lachiwiri

Zofunika: mwala wosema, mwala womenyera, mboni.

Kwathu mwala umangotola. Kuno mwala uliwonse uli ndi mwini wake! Ndikuyendetsa mwana wa abwana ku Embassy Row, ndawerama pageti la embase ina kutola umodzi woyera bwino. Mlonda uyo, dzanja pawailesi, akufunsa kuti ndikufuna kugenda ndani. Tayesani kufotokoza za makolo akalekale m'Chingerezi cha Folomu Folo, mwana akulira. Ndabweza. Iye waukhazika pamalo pake ngati dzira.

Lachitatu

Miyala ndaipeza kukamtsinje ka m'paki. Yaboola chikwama m'basi. Madzulo ndikugogoda pakhonde.

Mwala: uli bwinobwino.
Chala changa: ngati soseji.
Bambo wokhala pansi pathu: akumenya denga lake ndi tsache.

Mutinta watsamira chitseko, akukukuta chimanga, akuonerera. "Manje makolo ako nawo anali kulira so?" Sindiyankha anthu opanda mbiri.

Lachinayi

Kachibanthu kachoka! Kakuthwa ndithu! Ndakayesa pa tomato. Tomato wasanduka msuzi, wina wafika mpaka pakatani. Anthu aja adaoloka nalo lusoli zipululu, ine landikanika pakati pa khonde ndi khitchini. Mutinta akuonererabe. Alibe kochita mtsikana ameneyu?

Lachisanu

Anti Asiyatu, akazi a ankolo, pafoni: "Mwana iwe, mwala wa m'paki mokodza agalu a azungu ukhudze nyama yanga ya halaal? Wapenga?" Ndalumbira kuti nditsuka. Akuti andipatsa mwendo umodzi wokha, ndikadulire kumpanda, kutali ndi mbale zawo.

Miyala ndaikwecha, ndaiwiritsa. M'poto wa Mutinta. Sakudziwa.

Loweruka

Anthu andizungulira, mafoni m'mwamba. Ndikucheka. Ndikuchekabe. Mwendo sukumva kanthu! Ana a ankolo akufunsana m'Chingerezi ngati ndikuisisita mbuziyo. Thukuta mpaka m'maso.

Kenaka Mutinta akutola miyala yanga, YANGA, akutembenuza umodzi, akuumenya chapambali m'mphepete. Phwa! Chibanthu ngati lezala. Nyama ikungotseguka yokha. Nthungululu, ngakhale anti amene!

Ankolo: "Waphunzira kuti, mwanawe?"

Iye, kundiloza ine: "Nenze kuona chabe vamene alakwisa uyu."

Posakhalitsa ana onse ali pamiyala ya m'maluwa a anti, go go go. Madalaivala awiri a ku Chipata akukangana za kagwiridwe kake. Mwana wa aneba wadumpha mpanda kudzaonera, wabwerera kwawo ndi mwala m'thumba. Lusoli lafalikira Manassas yense, dzina langa osamveka.

Lamulungu

Chala chikugunda ngati ng'oma. Tsopano ndamvetsa mmene zidayendera kalelo: wina ankatupa zala, wina ankangotsamira phanga n'kumakukuta zake, ndipo amene adafika ku Asia ndi wotsamirayo.

Mutinta walowa ndi tiyi ndi mbale ya nyama yodula yekha. "Idya, mphunzitsi." Ndadya, chifukwa nyama ilibe mlandu. Ndapempha ina.

Kukhululuka, mwina pa Khirisimasi. Mbale atsuke yekha, ine ndine wovulala.