Kachimanga Koyera pa Mzere Wachitatu

Lolemba
Kupalira. Pa mzere wachitatu ndapeza chodabwitsa: kachimanga koyera mbee! Masamba, kaphesi, zonse ngati pepala. Anzake a phando lomwelo ali biriwiri, mbewu imodzimodzi yosunga ndekha. Ndagwada. Chiyambire kulima kuno ku Ntengo-Wambalame sindinazionepo. Nanga masamba akayera chonchi, ufa wake udzatani? Ndikalera mpaka kabereke, ndipeze mbewu. Zoviika mphale zidzatha!

Lachiwiri
Mpanda: timitengo, minga, neti yakale ya udzudzu. Manyowa a mbuzi manja awiri. Amuna anga akuti, "Ine chikwatirane simunandisamalepo chonchi." Iwo ndi oyera?

Lachitatu
Anthu mbwee kudzaona. Andipondera nyemba mizere iwiri. Alamu anga akuti ndi malodza, koma sakuchokapo. Amayi akukwaya akufuna mbewu, ndalonjeza asanu ndi awiri. Ngayaye palibe, ine ndagawa kale!

Lachinayi
Alangizi a zaulimi afika pa mota, njinga yamoto ija. Bom dia, bom dia, moni wa Chipwitikizi, mpaka kumunda. Akuti palibe wandilodza. "Mayi, m'njere iliyonse muli malangizo a kakulidwe. M'kameneka pena pasokonekera pokha. Sikapanga utoto wachikasu, uja umasanduka vitamina A m'thupi mwathu. Popanda umenewo dzuwa limapsereza kubiriwira, ndipo kubiriwirako ndiye kumaphikira chomera chakudya."
Malangizo m'kanthu kochepa ngati dzino! Ndiye munda wonsewu ukuphika, phee, popanda utsi? Ndakhala pansi. Akuti sikachedwa kufa. Tiona.

Lachisanu
Kakulephera kuphika, ndikaphikira ine. Madzi, shuga masupuni atatu, wa tiyi wa amuna anga. Dengu pamwamba kuti dzuwa lisakapeze. Ndikukanyengerera ngati mwana wodwala. Wodutsa aziseka.

Loweruka
Nyerere! Za Tsangano yense, zina mwina zachokera ku Furancungo. Nsonga za masamba zafota. Amuna anga akumwa tiyi wosalawa shuga, maso ali pa ine. Wakukwaya mmodzi wabweretsa kale kathumba kotengera mbewu. Manyazi.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndapeza kagona. Ndafukula ndi chala: njere ija yaphwa, latsala khoko lokha. Masiku onsewa kamadya kamba amene make anakalongedzera, watha, nako katha. Kanamera kakudziwa kufuna dzuwa, dzuwa lomwelo losakathandiza. Ndalira, sindibisa. Ndakakwirira pomwepo, ndazula minga. Mawa ndipalira otsalawo, mwaulemu.