Soketi ya Pakhonde Panga

Chaka chimene magetsi anafika kwathu kuno kwa Mpama, mchimwene wanga wa ku Limbe anandichenjeza. Anati, "Achemwali, soketi ya panja muziilondera. Anthu adzakumwerani mayunitsi inu muli kumunda." Mawuwo ndinawasunga, ndipo ndi amene andigwetsa m'manyazi mwezi wathawu.

Ine sindikhulupirira munthu. (Ngakhale wondipatsa moni ndimayamba ndamuona m'manja.) Tsono oika mawaya anandisiyira soketi imodzi pakhonde, ati ya wailesi. Basi aliyense wodutsa anasanduka m'bale wanga. "Anganga, tabwera kudzakuonani." Kundiona kwake maso ali kukhoma, tchaja chikulendewera m'thumba.

Ndinapirira mpaka pamene tinkakonzekera chinkhoswe cha mdzukulu wanga Esinati. Ndikuzira khonde, ndinaganiza za chikhamu chimene chikubwera, aliyense ndi foni yake. Ndinatapa dothi lonyowa lija n'kumata soketi yonse, phaa! Ndinasalaza bwinobwino, osauza munthu.

Ndisanasambe n'komwe m'manja, firiji inasiya kulira. M'firijimo munali nkhuku ndi nyama ya mbuzi za alendo a Loweruka. Ndinati n'kuthima kwa masiku onse. Koma kuseri kwa mpanda, kwa Abiti Jafali, mnzanga wopemphana naye mchere, wailesi inali ikuimba!

Esinati anakweza switchi yaikulu ya m'kabokosi ka pabalaza, ija amati buleka. Inagwanso. Madzulo inalola, ife n'kupumira m'mwamba. M'mawa ndinaona kuti dothi langa lachita ming'alu, ndiye ndinaliwaza madzi n'kusalazanso. Buleka thi! Ine zoti ziwirizi n'zogwirizana, ayi ndithu. Mutu wanga unali kwa Abiti.

Ndinamanga chitenje zolimba n'kukafika.

"Abiti, magetsi anga akuthawira kwanu. Mukuwakoka ndi chiyani?"

"Ndi chingwe cha mbuzi," iwo anatero. "Achemwali, mwadya kale lero?"

Ndinazungulira nyumba yawo yonse ndikuvundukula masamba a maungu, kufuna waya wobisa. Abiti ankangonditsata n'kumandisonyeza pamene ndadumpha. Komatu amuna awo ndi amene anatizingira mbuzi ija, kuti Asilamu anzathu adzadye nawo.

Pofika Lachinayi, pansi pa firiji panayamba kudontha madzi ofiira. Esinati anagwira m'mutu. "Anganga, akuchimuna adzadya chiyani? Tidzawapatsa nandolo?" Anathamanga kukaitana a Muhiwa, okonza magetsi a pamsika. Ine ndinali pambuyo pawo ngati chithunzithunzi. (Mababu amasowa, inu.)

A Muhiwa sanafunse za mfiti kapena za akuba. Anatsitsa timaswitchi tonse ta m'kabokosi, n'kukweza buleka yokha. Inakhala. Kenako anayamba kukweza kamodzikamodzi. "Aka n'ka mababu. Kakhala. Aka n'ka kukhitchini. Kakhalanso." Atakweza ka masoketi, thi!

"Wakubayo ali mu mzere uwu," anatero.

"Ndinanena ine!" ndinakuwa, dala kuti Abiti amve.

Anazula firiji, ayironi ndi wailesi, n'kuyesanso. Thi! "Ndiye si katundu wanu ayi. Magetsi akudontha penapake n'kumalowa m'nthaka. Buleka ikamva zimenezo imadula." Anayamba kulondola paipi ya mawaya ndi chala, kuchoka pabalaza mpaka pamene inaboola khoma. Anatuluka panja. Apo n'kuti amayi osinja chimera cha thobwa atasiya mitondo, onse ali pakhonde, Abiti ali pomwepo.

"Anganga, waya walowa apa. Nanga soketi yake ili kuti?"

"Kaya," ndinatero, ndikuyang'ana phiri la Chiradzulu ngati ndaliona koyamba.

Abiti anawerama n'kuyang'anitsitsa dothi lija, likadali lonyowa. "Zala izi ndikuzidziwa. Onani kachala kopindika aka. Achemwali, tabweretsani dzanja tiyeze."

Kuseka kwake! Mayi wina anachita kukhala pansi. A Muhiwa okha sanaseke msanga. Anathimitsa zonse kaye, n'kugumula dothilo. M'kati munali matope okhaokha, mawaya atada.

"Mumasalaza ndi manja, muli chosavala nsapato?"

"Nanga amazira atavala nsapato?"

"Anganga, buleka imeneyi muziipatsa moni m'mawa uliwonse. Ikanapanda kudula, Lowerukali tikanabwera ndi nyimbo zina."

A Muhiwa anaika soketi ina, firiji n'kuyambanso kulira, ndipo nyama inapulumuka. Ine ndinatenga nkhuku yamoyo kukapepesa kwa Abiti. Anailandira, koma anati ndiyambe ndakonza maungu awo.

Chinkhoswe chinakoma zedi. Akuchimuna anadya mpaka kumasula malamba. Pa magule, Abiti anatulukira kavinidwe katsopano, dzanja likusalaza khoma la m'malere, amayi onse n'kumatsatira. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinalowa m'bwalo. Nanga mwini wake wa gule n'kukhala pansi?

Za matope ndinasiya. Panopa soketi ija ili m'kabokosi ka matabwa, loko wake wamkulu, kiyi ali m'khosi mwangamu. Mukamadutsa kwa Mpama, patukani mudzandione, ndakalamba ine, ndimafuna ocheza nawo. Mpando ulipo, thobwa lilipo. Koma foni ibwere yokhuta kale.