Ndakatulo ya Msilikali Imene Ndinafunsira Mbeta

Pali manyazi ena oti ngakhale usambe ndi sopo sachoka. Anga ndinachita kukagula ndekha pamsika wa pa boma ku Mwanza.

Nthawiyo ndinali kalaliki watsopano pa ofesi ina, ndipo mtima unali utagwera a Tamanda, mphunzitsi wa Chingelezi ku Thambani. Munthu wa mabuku sungamufunsire chimanjamanja, ndiye ndinagula mabuku awiri kwa bambo wina woyala malonda pansi: lina lonenepa la mbiri ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, lina la ndakatulo zimene asilikali ankalemba ali m'maenje. La mbirilo ndinkangoyenda nalo kukhwapa (linandikulitsa mkono, nzeru ayi).

Tsiku lina, m'buku la ndakatulo muja ndinapeza imodzi yonditenga mtima. Msilikali ankauza wokondedwa wake kuti ali ndi maso ofatsa, sadandaula pamvula ngakhale m'matope, ndipo mizinga ikamalira iye amangomutsamira pakhosi, mtima n'kukhala pansi. Ndinati basi, Mulungu wayankha. Ndinakopera ndime ziwiri za patsambalo n'kuziika m'Chichewa kuti zioneke zanga. Zoti ndakatuloyo ikupitirira kuseri, sindinalabadire.

Loweruka ndinakwera pikapu ya ku Thambani. Ndinawapeza a Tamanda pakhonde akusenda mtedza ndi achemwali awo. Ndinalakatula chiimire, dzanja lili pachifuwa.

"Mwalemba nokha zimenezi?" anafunsa a Tamanda.

"Ndekhandekha, aphunzitsi. Zochokera pansi pa mtima."

"Nanga m'matopemo tinayenda limodzi liti?"

"Ndi chining'a chimenecho."

"Mizingayo?"

"Mavuto a moyo uno."

Apa n'kuti buku la ndakatulo lija likusuzumira m'chikwama changa. Analisolola, ndipo linatseguka lokha pamene ndinapinda pakona (mabuku alibe chinsinsi, abale). Anatembenuza tsamba n'kuyamba kuwamasulira achemwali awo pang'onopang'ono: makutu ako ataliatali, ziboda zako zolimba, mabokosi a zipolopolo amene umasenza pamsana.

"Achemwali," anatero modekha, "bambowa andifunsira ngati bulu."

Achemwaliwo anaseka mpaka lichero linagubuduka, nkhuku n'kuchita phwando. Ine thukuta kamukamu. A Tamanda sanalekere pomwepo. Anatenga la mbiri lija, napeza chithunzi cha abulu atandandalikana m'matope, n'kundiloza nacho.

"Tandisonyezani, ine ndi uti apa?"

Ndinafuna kuthawa, koma pikapu inali itabwerera kale. Anandibwezera mabuku onse awiri, nati ndidzabwerenso ndikadzawerenga mpaka tsamba lomaliza.

Ndinawerengadi, miyezi itatu yathunthu, malo ena misozi ikulengeza chifukwa cha anyamata amene sanabwerere kwawo. Nditapitanso, anandifunsa mafunso asanu ngati m'kalasi. Ndinakhoza awiri.

Anapukusa mutu.

"Chabwino," anatero. "Paja munati ndine nyama yopirira. Ndikupirirani."

Akundipirirabe mpaka lero, ana tili nawo atatu.